Funsani Tikuyankheni: Madontho anga akubisana pa galafu

FUNSO: Ndine mlangizi wa zaulimi m'boma la Thyolo, kufupi ndi Luchenza. Anthu atamaliza kukolola ndinayendera mabanja 150, ndipo pa banja lililonse ndinalemba chiwerengero cha anthu amene amadya pakhomopo komanso matumba a chimanga a makilogalamu 50 amene anapeza. Nditalowetsa manambalawa mu pulogalamu ya pakompyuta ya Excel n'kupanga galafu ya madontho, ndinadabwa kuona kuti madontho ooneka sakufika ngakhale 50. Kodi mabanja enawo apita kuti? Mnzanga wina anandiuza kuti pali njira yoti dontho lizikula molingana ndi kuchuluka kwa mabanja amene likuimira, koma sanandifotokozere bwino. Mlangizi, Thyolo.

YANKHO: A mlangizi, musadandaule, palibe banja limene latayika. Chachitika n'chakuti manambala anu ndi athunthu ndipo amabwerezabwereza, chifukwa palibe khomo la anthu asanu ndi theka. Ngati mabanja 16 ali ndi anthu asanu aliyense ndipo onsewo anakolola matumba atatu, kompyuta imajambula madontho 16 pamalo amodzimodzi, lina pamwamba pa linzake, kotero kuti diso limaona dontho limodzi lofanana ndendende ndi la banja limodzi lokha limene linakolola matumba 20. Galafu yotere imasocheretsa, pakuti imapatsa banja limodzi lochita bwino ulemu wofanana ndi mabanja 16 amene chakudya chidzawathera mvula isanayambe. Kwanuko kumene minda ya anthu wamba ndi yaing'ono chifukwa malo ambiri ali pansi pa maesiteti a tiyi, gulu lalikululo ndi limene akuluakulu ayenera kuliona msanga.

Zimene mnzanu ananena zilipodi, ndipo mu Excel zimatchedwa bubble chart. Koma ntchito yoyamba si kujambula ayi, ndi kuwerenga. Tinene kuti chiwerengero cha anthu chili pa mzere A ndipo matumba ali pa mzere B. Koperani mizere iwiriyi pamalo ena, mwachitsanzo pa D ndi E, kenaka mugwiritse ntchito Remove Duplicates imene ili pansi pa Data kuti pawiri paliponse pa manambala patsale kamodzi kokha. Pa mzere wachitatu, F, lembani =COUNTIFS(A:A,D2,B:B,E2) ndipo muikokere mpaka pansi, kuti kompyuta iwerenge mabanja amene ali ndi manambala ofananawo. Musanapitirire, phatikizani manambala onse a mu F. Ngati sakupanga 150 ndendende, penapake palakwika, ndipo kawirikawiri vuto limakhala nambala imene inalembedwa ngati mawu kapena malo amene anasiyidwa opanda kanthu. Zikakwana, sankhani manambala okhaokha a mizere itatuyo, osaphatikizapo mitu yake, n'kupita pa Insert kukasankha Bubble.

Tsopano ndifike pamene anthu ambiri amapunthwa, ndipo ndikupemphani kuti apa muwerenge modekha. Tikanena kuti dontho likule, tikutanthauza chiyani? Ganizirani nkhokwe ziwiri zotalika mofanana, koma ina ndi yotambalala kawiri kuposa inzake. Aliyense amene analukapo nkhokwe amadziwa kuti yotambalalayo silowa chimanga chowirikiza kawiri ayi, imalowa chowirikiza kanayi, chifukwa malo a chinthu chozungulira amakula molingana ndi kutambalala kwake mukakuchulukitsa ndi iko komwe. Dontho la pa galafu ndi chimodzimodzi. Diso la munthu limatengeka ndi malo onse amene dontho laphimba, choncho chiwerengero cha mabanja chiyenera kumangidwa pa malowo, osati pa kutambalala. Dontho la mabanja 16 liyenera kutambalala kawiri kokha kuposa la mabanja 4, ndipo la mabanja 36 litambalale katatu. Mukalakwitsa n'kutambalalitsa la mabanja 16 kanayi, lidzaphimba malo owirikiza ka 16, ndipo mudzakhala mwakokomeza nkhani imene inali yolemera kale payokha.

Mwamwayi, Excel imayamba yokha ndi njira yolondolayi, komabe ndi bwino kutsimikiza. Dinani dontho limodzi ndi batani lakumanja, musankhe Format Data Series, ndipo pamene alemba kuti Size represents muonetsetse kuti pasankhidwa Area of bubbles osati Width of bubbles. Pomwepo pali malo ochepetsera kapena kukulitsira madontho onse nthawi imodzi, kuyambira pa 0 mpaka 300. Nambala imene mudzaipezapo ndi 100, koma pa galafu yothinana ngati yanu mungaitsitse kufika pa 40 kapena 50 kuti madontho asamakwerane kwambiri. Mupangitsenso utoto wake kukhala woonekera mkati, ndipo musanje tebulo lanu kuyambira nambala yaikulu kutsikira ku yaing'ono kuti timadontho ting'onoting'ono tijambulidwe pamwamba.

Ngakhale mutachita zonsezi molondola, diso limanamizabe mwini wake. Katswiri wa mapu James Flannery anaonetsa mu 1971 kuti anthu akamayerekeza zozungulira amaona zikuluzikulu ngati zocheperapo kusiyana ndi mmene zilili. Ena amakulitsa madontho aakulu dala pofuna kuthetsa vutoli, koma ine sindikulangizani kutero. Njira yoona mtima ndi kulemba nambala pa dontho lenilenilo, ndipo mu Excel mungatero posankha Add Data Labels, kenaka Format Data Labels, n'kuchonga Bubble Size. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa Excel siika yokha kabokosi kofotokoza tanthauzo la kukula kwa madontho, choncho mulembe pansi pa galafu kuti kukula kwa dontho kukuimira chiwerengero cha mabanja.

Chenjezo lina ndi lakuti Excel imayeza madontho onse potengera dontho lalikulu kwambiri la pa galafu imeneyo. Mukapanga galafu ya mudzi wina payokha ndi ya mudzi wina payokhanso, dontho la mabanja 10 kuno likhoza kukula mofanana ndi la mabanja 30 uko. Ngati mukufuna kuyerekeza midzi iwiri, iikeni pa galafu imodzi ndi mitundu iwiri ya utoto. Kwa amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ya ziwerengero yotchedwa R, lamulo la geom_count mu ggplot2 limawerenga lokha n'kukulitsa madontho, ndipo mukawonjezera scale_size_area kukula kwake kumayambira pa ziro monga momwe kuyenera kukhalira.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yolemba masikelo pamalo ogulira masamba a tiyi kwa alimi ang'onoang'ono ku Mulanje. Ndinayesa kuwerenga kuti kulemera kulikonse kwabwera kangati, koma pafupifupi paliponse yankho likutuluka 1, ndiye madontho onse ndi ofanana. Ndalakwitsa pati? Mayi wa ku Chitakale, Mulanje.

YANKHO: Mayi, simunalakwitse kuwerenga, koma manambala a pa sikelo ali ndi khalidwe losiyana ndi a mlangizi wa ku Thyolo uja. Kulemera monga makilogalamu 23.4 ndi 23.6 sikufanana kwa kompyuta, ngakhale kuti kwa inu ndi mlimi ndi mtolo wofanana. Muyenera kuyamba mwaika manambalawo m'magulu, mwachitsanzo kuyambira makilogalamu 20 mpaka osafika 25, kenaka 25 mpaka osafika 30, ndipo muwerenge alimi a m'gulu lililonse. Ngati kulemera kuli pa mzere B, lamulo la =FLOOR(B2,5) limatsitsira nambala iliyonse poyambira gulu lake, moti 23.4 ndi 23.6 onse amasanduka 20, ndipo mukawonjezera 2.5 dontho limakhala pakati pa gululo.

Kukula kwa magulu n'kofunika kukuganizira bwino, chifukwa magulu aakulu kwambiri amabisa kusiyana kwa alimi, pamene aang'ono kwambiri amakubwezerani ku vuto lomwe lija la madontho ofanana. Yesani magulu a makilogalamu 5 ndi a makilogalamu 10, muone ngati chithunzi chikunena nkhani imodzimodzi, ndipo musasakanize miyezi ya dzinja, pamene tiyi amaphuka kwambiri, ndi miyezi ya chilimwe pa galafu imodzi popanda kuisiyanitsa ndi utoto. Ngati mukungofuna kudziwa kuti alimi ambiri amabweretsa makilogalamu angati, osayerekeza ndi chinthu china chachiwiri monga mwezi kapena kukula kwa munda, musavutike ndi madontho. Galafu ya mipiringidzo (bar chart) idzakuthandizani bwino, chifukwa diso limayerekeza kutalika mosavuta kuposa malo a chinthu chozungulira, ndipo alimi amene mudzawaonetse pamsonkhano adzaimva popanda kuwafotokozera za nkhokwe.