PhD ya ufulu wachibadwidwe: yankho kwa mayi wa ku Chinamwali

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali. Amagwira ntchito m'bungwe lothandiza akaidi, digiri yachiwiri ali nayo kale, ndipo afunsa kuti: "Ndikufuna PhD ya ufulu wachibadwidwe. Ndipite kunja kapena ndiyambe konkuno? Nanga ndilembe za chiyani, poti ufulu ukuphwanyidwa paliponse?"

Mayi, ndiyamba ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mtima wanu ukuwawa ndi zambiri, ndikudziwa, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. PhD, digiri yapamwamba ya kafukufuku, imafuna funso limodzi laling'ono lomwe mungakhale nalo zaka zitatu kapena zinayi osatopa nalo. "Ufulu wa akaidi m'Malawi" ndi nkhalango. Koma taonani ichi: gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limati munthu womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48. Kodi m'boma la Zomba zimenezi zimatheka kangati? Zikalephereka, chavuta n'chiyani: galimoto, mafuta, fayilo yosowa, kapena kusadziwa kwa womangidwayo? Funso lotere mungaliyankhe ndi umboni.

China n'chakuti makhothi athu anagamula kale milandu yofunika, koma zomwe zinachitika pambuyo pake n'zomwe zikudikira ofufuza. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khothi lalikulu linati kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha n'kosemphana ndi malamulo aakulu. Mu 2009, pa mlandu wa Masangano, linalamula boma kuchepetsa kuthithikana m'ndende. Mu 2017, mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo yemwe anamangidwa m'bandakucha akupita ku Limbe, unagwetsa gawo lina la lamulo la vakabu. Nanga mayi wogulitsa zitumbuwa padepoti usiku, moyo wake unasintha? Inu mumalowa m'ndende ndipo mumayankhula ndi anthuwa m'chiyankhulo chawo. Ameneyo ndi mwayi womwe pulofesa wa ku London alibe.

Musapeputse Zomba. Ndende yaikulu, momwe Orton Chirwa anafera mu 1992, ili pompano. Mikuyu, komwe Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991, ili chapafupi. Malo osungira zolemba zakale za boma nawonso ali muno. Ine ndinakhalamo masiku ambiri, kumasula zingwe za mafayilo ofiirira, mapepala akuthothoka m'mphepete, zala zitada ndi fumbi. Potuluka ndinkadutsa pageti ya ndende, amayi atandanda ndi ziwiya za nsima atakulunga m'chitenje, akudikira kuona ana awo. Kumeneko ndi komwe ndinamvetsa chomwe ndinkalemba.

Tsopano za kunja kapena konkuno. Sukulu ya zamalamulo ya University of Malawi, yomwe ambiri timaitchulabe Chanco, ili ndi aphunzitsi odziwa nkhanizi; pitani mukagogode, mufunse ngati alipo wokonzeka kukuyang'anirani. Kunja, ku University of Pretoria ku South Africa kuli Centre for Human Rights, nthambi yoona za ufulu wachibadwidwe yomwe inayamba mu 1986, ndipo ndi yodziwika pa malamulo a ufulu a mu Africa muno, monga pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wachibadwidwe la 1981 ndi khothi loona za ufuluwu la ku Arusha, ku Tanzania. Ku UK kuli thandizo la Commonwealth Scholarship, koma opikisana ndi ambiri. Mukapita kunja, onetsetsani kuti ndalama yobwerera kudzachita kafukufuku ilipo.

Koma dzina la yunivesite lisakunyengeni, mayi. Sankhani munthu wodzakuyang'anirani. Werengani zomwe analemba, ndipo funsani ophunzira ake ngati amayankha msanga. Ine wondiyang'anira wanga woyamba anasunga mutu umodzi wa kafukufuku wanga miyezi isanu ndi iwiri osauwerenga. Ndinalira, ndipo chaka chinatayika.

Konzekeraninso makalata a chilolezo: la komiti yoona kuti kafukufuku sakuvulaza anthu, ndi la akuluakulu a ndende, omwe likulu lawo lili muno mu Zomba. Zimatenga nthawi, yambani msanga. Ndipo mkaidi amene wakuuzani zakukhosi, dzina lake mulisunge ngati la mwana wanu, chifukwa inu mudzatuluka pageti, iye adzagona momwemo.

Mukambiranenso ndi a kunyumba. Mukamaphunzira muli pantchito, zaka zimatha kufika zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo maliro, zinkhoswe ndi fizi ya ana sizidikira.

Lembani masamba awiri okha: funso lanu, anthu omwe mudzawafunse, ndi zomwe ena analemba kale pa nkhaniyi. Munditumizire pa imelo yomweyi mwezi uno usanathe, ndidzawerenga ndi cholembera m'manja.