Laputopu ikumauma: musathamangire format musanaone hard drive

Akulu, mwafotokoza kuti laputopu yanu ya Windows 10, yomwe ikadali ndi hard drive ya 1 TB imene inabwera nayo, ikumauma kwa masekondi 30 mpaka mphindi ziwiri, mouse ikuyenda koma chilichonse chomwe mwadina sichikuyankha, ndipo nthawi zina mukumva kaphokoso ka "tiki tiki" pafupi ndi pomwe mumatsamiritsa dzanja. Ine ndikamba za disikiyo, chifukwa zizindikiro zanuzi zikuloza komweko.

Amene akuuzani kuti "pangani format, ikhala bwino" musawamvere pakali pano. Chimodzimodzinso amene akuti muyendetse chkdsk /r (lamulo la Windows lofufuza malo owonongeka pa disiki yonse) kapena defrag (kusanja bwino zidutswa za mafayilo pa disiki). Disiki ikayamba kufa, ntchito iliyonse yomwe imaikakamiza kuwerenga kuchokera koyambirira mpaka kumapeto imaifulumizitsa kufa. Pa disiki ya 1 TB, chkdsk /r imatha kudya maola ambiri ikulimbana ndi malo owonongeka omwewo mobwerezabwereza, ndipo mafayilo omwe lero akadatseguka mawa mukhoza kuwapeza atasanduka zidutswa mufoda ya FOUND.000. Format ndiye imangofafaniza zinthu zanu, vuto n'kulisiya pomwepo. Windows yatsopano idzayenda bwino masiku angapo, kenako kuuma kuja kubwereranso.

Ntchito yoyamba ndi kukopera mafayilo, musanayeze chilichonse. Pezani external drive kapena flash yaikulu. Yambani ndi zomwe simungazipezenso kwina: zikalata, zithunzi, mafayilo a ntchito. Nyimbo ndi mafilimu zibwere pomaliza. Koperani foda imodzi imodzi, osati C: yonse pakamodzi. Kukopera kukaima pa fayilo imodzi, liwiro n'kugwa kufika pa 0, dumphani fayiloyo, muibwerera zina zikatha. Ngati mumadziwa Command Prompt, gwiritsani ntchito robocopy, lamulo la Windows lokopera mafayilo, motere (E: akuimira external drive yanu):

robocopy C:\Users\dzinalanu\Documents E:\Documents /E /R:1 /W:1

Musaiwale /R:1 /W:1. Popanda zimenezo, robocopy ikakumana ndi fayilo yosawerengeka imayesa kokwana 1 miliyoni, ikudikira masekondi 30 pakati pake, ndiye mudzagona ndi kudzuka ili pa fayilo yomweyo. Pokopera, laputopu ikhale pa tebulo losagwedezeka, ili pa chaja, osainyamulanyamula.

Mukatha apo, ikani CrystalDiskInfo. Ndi yaulere, ndipo ilipo ya portable yoti muiyendetse kuchokera pa flash osalemba chilichonse pa disiki yodwalayo. Imawerenga SMART, kaundula yemwe disiki imasunga yokha za thanzi lake. Pamwamba ilemba Good, Caution kapena Bad, koma musakhutire ndi mawu amenewo. Pitani pa Function, Advanced Feature, Raw Values, musankhe 10 DEC kuti manambala aoneke m'mawerengedwe wamba, apo ayi muziona zinthu ngati 0000000001A8 n'kumaganiza kuti ndi ziro. Kenako yang'anani mizere inayi, mbali ya Raw Values.

Mzere wa 05, Reallocated Sectors Count, ukusonyeza malo omwe anawonongeka kale ndipo disiki inawalowetsa m'malo ndi ena osungira. C5, Current Pending Sector Count, ndi malo omwe disiki ikulephera kuwerenga panopa. Uwu ndi umene umagwirizana kwambiri ndi kuuma kwanuko: Windows imapempha kachidutswa ka fayilo, disiki imayesa, imalephera, imayesanso, ndipo pulogalamu iliyonse yomwe ikufuna disiki imaima pamzere kudikira. Mouse imayendabe chifukwa siikusowa disiki. C6, Uncorrectable Sector Count, ndi malo omwe alephereka ndithu. Pa disiki yabwino atatuwa amakhala pa 0. C5 kapena C6 ikakhala pamwamba pa 0, disikiyo musaikhulupirirenso. 05 ikakhala ndi nambala yochepa, ilembeni papepala, muonenso pakatha masiku awiri. Ikakwera, nkhani yatha.

Mzere wachinayi, C7, UltraDMA CRC Error Count, ndi wosiyana, ndipo apa ambiri amataya disiki yabwinobwino. C7 ikamakwera pomwe 05, C5 ndi C6 zili pa 0, vuto si mbale zozungulira za m'kati mwa disiki zomwe zimasunga data koma njira yapakati pa disiki ndi motherboard. M'malaputopu ambiri pamakhala kachingwe kopyapyala kapena kolumikizira ka SATA komwe kamakhwefuka kapena kuthyoka popindika. Zimitsani, chotsani chaja ndi batire, zulani disiki, muibwezeretse bwinobwino. Dziwani kuti nambala ya C7 sibwerera pa 0 ngakhale mutakonza, chofunika n'chakuti yasiya kukwera.

SMART kulemba Good si umboni woti disiki ilibe vuto. Zilipo zomwe zimafa zikulembabe Good. Ndiye tsegulaninso Event Viewer, kaundula wa zochitika wa Windows, mupite pa Windows Logs kenako System, muyang'ane pa nthawi yomwe laputopu inauma. Event 7 yochokera ku disk ikunena za bad block, malo owonongeka pa disiki. Event 51 ndi kulephera powerenga kapena kulemba pa disiki nthawi ya paging, pomwe Windows imasuntha data pakati pa RAM ndi disiki. Event 153 ndi ntchito yomwe inachita kubwerezedwa, ndipo 129 yochokera ku storahci ikutanthauza kuti disiki inasiya kuyankha mpaka Windows inachita kuidzutsa. Kernel-Power 41 isakusokonezeni, imangonena kuti makina anazima mosayenera, mwina ndi inu nomwe munakanikiza batani. Paja chizolowezi chozimitsa ndi batani ikauma chichepe. Ngati mouse ikuyenda, dikirani mphindi zingapo, chifukwa kudula moto disiki ili pakati polemba kumaonjezera mafayilo owonongeka.

Njira ina yachangu: siyani Task Manager yotsegula pa Performance, Disk 0. Ikauma, onani Active time ndi Average response time. Hard drive ya 5400 rpm yabwino imayankha m'mamilisekondi ochepa, 10 kapena 20, n'kumakwera ikatanganidwa. Mukaona Active time ili pa 100%, liwiro lowerenga ndi kulemba lili pafupifupi 0, koma response time ili m'masauzande, disikiyo yakakamira, sikugwira ntchito. Koma 100% pomwe ma megabyte akuyenda ndithu ndi zina, kawirikawiri amakhala Windows Update, SysMain (ntchito ya Windows yomwe imakonzeratu mapulogalamu mu RAM) kapena RAM ya 4 GB yadzaza. Zimenezo ndi kuchedwa chabe, si kufa.

Ngati laputopu yanu ndi ya Dell, dinani F12 poyatsa musankhe Diagnostics. Code ya 2000-0142 ndiye kuti disiki yalephera mayeso ake. Pa HP ndi Esc kenako F2, muyendetse mayeso afupi a hard drive, muone ngati Short DST yalemba Failed. Mayeso aataliwo adikire mpaka mutakopera zonse.

Zonsezi zikatuluka zoyera, pamenepo yang'anani kwina. Ikauma, dinani Caps Lock: kanyali kakapanda kusintha, mouse itaima, mawu akubwereza pamodzimodzi, ganizirani RAM, kutentha kapena driver wa graphics. RAM yezani ndi MemTest86 kuchokera pa flash, ma pass 4, cholakwika ngakhale chimodzi n'chokwanira. Kutentha onani ndi HWiNFO. CPU ikamafika 95 mpaka 100°C pa ntchito yopepuka, fani yatsekeka ndi fumbi kapena thermal paste yauma. Koma chifukwa cha kaphokoso kanuko, ndikuikabe ndalama yanga pa disiki.

Windows ikakana kuyaka kapena kukopera kukamaima paliponse, lekani kuyatsayatsa. Yatsani kuchokera pa flash ya Ubuntu (mtundu wa Linux), muike gddrescue, yomwe imabweretsa pulogalamu ya ddrescue, mukopere disiki yonse kupita pa ina yofanana kukula kapena yoposa:

sudo ddrescue -f -n /dev/sda /dev/sdb mapu.log

Ubwino wa ddrescue ndi woti imayamba yatenga malo abwino onse, ovutawo n'kuwasiyira pambuyo, ndipo fayilo ya mapu.log imakumbukira pomwe inalekezera, choncho isungeni pa malo omwe sifufutika mukazimitsa. Mukatha, bwerezani ndi -r3 m'malo mwa -n kuti iyesenso malo otsalawo katatu. Musanadine Enter yendetsani lsblk, lamulo loonetsa ma disiki onse, mutsimikize kuti sda ndi disiki yodwalayo, sdb ndi yopanda kanthuyo. Mukazitembenuza, mulemba disiki yopanda kanthu pamwamba pa zinthu zanu, ndipo palibe wobweza. Ngati disiki ili ndi BitLocker, loko wa Windows wobisa data, pezeranitu recovery key ya manambala 48 mu akaunti yanu ya Microsoft. Ikamagogoda mosalekeza ndipo BIOS, pulogalamu yoyamba kuyaka Windows isanayambe, sikuiona, izimitseni basi. Musaiike mufiriji monga ena amanenera, chinyezi chimalowa m'kati, ndipo musaitsegule chivundikiro, kafumbi kamodzi kamakanda mbale. Imeneyo ndi ya akatswiri opulumutsa data, ndipo mtengo wawo umaposa wa disiki yatsopano kangapo.

Pogula yolowa m'malo musagulenso hard drive yozungulira. Gulani SSD, disiki yopanda mbale zozungulira, ya SATA ya 2.5 inch, imalowa pamalo omwewo. Ambiri ndi a 7 mm, ndiye ngati yakaleyo inali ya 9.5 mm muikepo kotchingira kuti isamagwedezeke. Ya 500 GB imakwanira anthu ambiri. Tengani ya dzina lodziwika monga Samsung, Crucial, Kingston kapena WD. Zopanda dzina zolembedwa 2 TB pa mtengo wa 256 GB zisiyeni, zina zimanama kukula kwake ndipo zimayamba kutaya mafayilo zikadzaza. Ma hard drive ogwiritsidwa kale ntchito nawonso ayi, pokhapokha mutaona Power On Hours ndi mizere ija mu CrystalDiskInfo nokha. Ngati laputopu ili ndi malo a M.2, oikamo SSD yaing'ono yopyapyala, onani buku lake kaye ngati amalandira SATA kapena NVMe, chifukwa zimaoneka zofanana koma sizilowana nthawi zonse.

Pa SSD yatsopanoyo ikani Windows yatsopano m'malo mopanga clone (kukopera disiki yonse momwe ilili) kuchokera pa disiki yodwala, kupewa kusamutsa mafayilo a system owonongeka. Poti mukuikanso, kumbukirani kuti Microsoft inasiya kuthandizira Windows 10 pa 14 October 2025, ndiye onani ngati makina anu angalandire Windows 11. Tumizani chithunzi cha CrystalDiskInfo chomwe chikuonetsa 05, C5, C6 ndi C7, koma mutumize mutamaliza kukopera.