Tcheni cha njinga yamoto: girizi, oilo wakuda kapena sipule?

Mchimwene wina wa kabaza ku Lunzu wanditumizira imelo, akuti ali ndi njinga yamoto ya Boxer, tcheni chikumalira komanso chikutha msanga, pa siteji ena akuti paka girizi ena akuti thira oilo wakuda wochotsa mu injini, ndiye iyeyo atani?

Achimwene, yambani mwachiyang'ana tchenicho. Pali cha ma O-ring, chija chili ndi timphira pakati pa timapuleti, girizi wake anamutsekera mkati ku fakitale komweko. Ndiye pali wamba chopanda timphira, chomwe njinga zambiri za 100cc mpaka 150cc zimakhala nacho. Chimenechi chimafuna oilo wolowa mpaka m'mapini chifukwa kutha kumayambira mkatimo, mapini akamadyeka mpamene mumaona ngati tcheni chatalika, mumvekere kukokera tayala kumbuyo sabata ndi sabata.

Girizi ayi. Salowa mkati, amangokhala pamwamba kumatola fumbi, ndiye ndi misewu yathu ya dothiyi mu Okutobala girizi wosakanikirana ndi mchenga amanola mano a sipuloketi, chitsulo chozungulira chija tcheni chimakolapo, ngati mwala wonolera chikwanje. Oilo wakuda ndikudziwa ngwaulere, makaniko amangokupatsani m'kabotolo, koma muli tizitsulo topalika mu injini komanso ngopyapyala, mukangothamanga pang'ono wathawa kale, wapita pa limu ndi pa chitenje cha kasitomala.

Ine ndinganene kuti gulani giya oilo, uja walembedwa 80W-90 kapena SAE 90. Ngolemera bwino, amalowa koma sathawa msanga, timphira sawononga, ndipo mabuku a njinga zambiri za Honda amatchula yemweyu. Lita imodzi mukhala nayo miyezi. Sipule ya tcheni, ya Motul kapena Castrol, njabwino ndithu makamaka pa O-ring, kungoti mtengo wake munthu woyenda tsiku lililonse umamuwawa, amayamba kuumira, tcheni nkumayenda chouma. WD-40, sipule ija yomasulira mabawuti a dzimbiri, musamuwerengere, satenga nthawi kuuma.

Koma oilo aliyense pa tcheni chakuda mwangotaya ndalama. Tsukani kaye ndi palafini ndi mswachi wakale, petulo ayi makamaka ngati pali timphira, pukutani chiume. Thirani mukangofika kunyumba chikadali chofunda, madontho pang'onopang'ono mbali yamkati yomwe imagunda sipuloketi, uku mukuzunguza tayala ndi dzanja. Injini ikhale yozimitsa chonde, anthu aduka zala ndi zothira njinga ili pa giya. Mukatero pukutani wotsala pamwambayo ndi kansanza. Chitani izi pa makilomita 500 alionse, nthawi ya mvula mukadutsa m'matope osadikira kuti akwane, ndipo kava ya tcheni ija anyamata amakonda kuchotsa ibwezereni, imatchinga fumbi lambiri.

Za kulirako, ngati mano a sipuloketi asongoka kale nkupindika, oilo sathandizanso. Sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri limodzi, chatsopano pa mano akutha sichikhalitsa.