Kodi dicynodont anali dinosaur?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa sayansi kuno ku Mangochi. Ophunzira anga anaona chithunzi cha nyama yakale yotchedwa dicynodont, yamlomo ngati wa kamba ndi mano awiri otulukira kunja, ndipo akuumirira kuti ndi dinosaur ngati Malawisaurus wa ku Karonga. Kodi akatswiri amaiika m'gulu liti?

YANKHO: Aphunzitsi, ana anuwo anyengedwa ndi maonekedwe, pakuti ng'ona ya mumtsinje wa Shire ili pachibale chapafupi ndi dinosaur, pamene dicynodont ali kumbali ya mvuu za m'nyanja ya Malombe, ndi ife anthu amene.

Chimene akatswiri amayang'ana ndi chigaza. Dicynodont anali ndi bowo limodzi kuseri kwa diso lililonse, chizindikiro cha gulu lalikulu la Synapsida, momwe mulinso nyama zonse zoyamwitsa. M'kati mwa gululi muli Therapsida, ndipo nthambi yake ina, Anomodontia, ndiyo muli nyama zodya zomerazi. Komatu musawauze kuti ndi makolo athu, chifukwa zoyamwitsa zinachokera kunthambi ina, ya Cynodontia. Tingoti ndi asuweni amene mbumba yawo inatha.

Dzinali linachokera ku dzina loti Dicynodon, limene analipereka ndi Richard Owen mu 1845 atapenda mafupa osanduka miyala amene Andrew Geddes Bain anapeza ku South Africa, ndipo limatanthauza "mano awiri a galu". Mwa kuona kwathu dzinali limasokeretsa, popeza Oudenodon, amene mafupa ake anapezekanso ku Chiweta m'boma la Rumphi, ndi wa m'gulu lomweli ngakhale analibe mano otulukawo.

Kusanja gululi kwakhala kovuta. Kwa zaka zambiri, chigaza chooneka mosiyanako pang'ono chinkapatsidwa dzina lachilendo, mpaka mitundu yoposa 160 inaunjikidwa pansi pa dzina limodzi la Dicynodon. Mu 2011 Christian Kammerer ndi anzake anapendanso zigazazi n'kupeza kuti zambiri zinali za mitundu yochepa chabe, kungoti zina zinali za ana a nyamazi ndipo zina zinaphwatalala ndi kulemera kwa miyala.

Nyamazi zinayamba kale madinosaur asanakhaleko. Lystrosaurus, mtundu wina wa dicynodont, anapulumuka chiwonongeko chachikulu cha zamoyo zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo, ndipo mmodzi mwa otsiriza, Lisowicia wa ku Poland, anali wa msinkhu wa njovu ndipo anakhala pamodzi ndi madinosaur oyambirira.