Mukufuna kugula mtendere ndi ndalama za katapila?

Funso: Ndili ndi golosale ku Ndirande, chino ndi chaka cha 9. Ndimatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 8 koloko usiku, Lamlungu ndimatsegula tikaweruka kutchalitchi. Tsiku labwino ndimagulitsa katundu wa K200,000. Mwana wa mlongo wanga, amene ndikumulipirira fizi kuyunivesite, anandiuza patchuthi kuti kale ku Greece kunali munthu wanzeru dzina lake Epicurus, amene ankaphunzitsa kuti cholinga cha moyo ndi chisangalalo ndi mtendere wa mumtima. Anati, "Amalume, mudzafa musanadyeko thukuta lanu." Mawuwa andilowa. Ndapeza galimoto yakale ya K9 miliyoni yoti nanenso ndizipitira kunyanja ndi banja. K5 miliyoni ndili nayo, yotsalayo ndibwereka. Kubanki akufuna mapepala ambirimbiri, koma pali bambo wina amene angandipatse tsiku lomwelo, chiwongoladzanja K30 pa K100 iliyonse pamwezi, chikole ndi firiji ndi katundu wa m'shopu. Ndipite kuti?

Yankho: Achimwene, kalata yanuyi ndaiwerengapo kambirimbiri. Chimene chimasintha ndi amene wapereka chilolezo basi. Ena amati mneneri wawalosera, ena amati mnzawo wobwera ku Joni wawatsegula maso. Inu ndinu oyamba kundibweretsera Mgiriki, ndiye ndakuthokozani, chifukwa mboni imene mwaitanayi ikuikirani umboni wokugwetsani nokha.

Zoti kubanki kapena kwa bambo winayo tizisiye kaye. Diso langa lagwera pa chiganizo chimodzi: "Tsiku labwino ndimagulitsa katundu wa K200,000." Zaka 9 kuseri kwa kauntala, ndipo nambala imene mukuidziwa pamtima ndi ya zogulitsa, ya tsiku labwino lokhalo. Phindu simunalitchule, ndipo ndikukayika ngati mukulidziwa.

Mkulu mwamutchulayu anabadwira pachilumba cha Samos m'chaka cha 341 BC, ndipo cha m'ma 306 BC anagula malo ku Athens amene anthu ankangowatchula kuti Munda. Ankakhala kumeneko ndi ophunzira ake, pakati pawo akazi ndi akapolo, zimene zinali zachilendo masiku amenewo. Otsatira ake ndi aja anatsutsana ndi Paulo pa Machitidwe 17:18. Zoti ankaika chisangalalo patsogolo pa zonse, mwana wa mlongo wanu sananame. Wangokuwerengerani theka la tsamba. M'kalata imene analembera wophunzira wake Menoeceus, mwiniwake akunena mosabisa kuti sakukamba za mowa, maphwando kapena nsomba zonona pagome la anthu olemera. Akukamba za thupi losamva ululu ndi mtima wosavutika, ndipo kusavutika mtima kumeneku Agiriki ankakutcha ataraxia. Chakudya cha ku Munda chinali mkate ndi madzi, vinyo wapakamodzikamodzi. Atafuna phwando, analembera mnzake kuti amutumizire kamphika ka tchizi. Ulendo wake wa kunyanja unali umenewo.

Koma chimene chimandikondweretsa ine, munthu wa makope, chili m'kalata yomweyo. Akuti zokoma zambiri timazilambalala dala ngati m'mbuyo mwake mukubwera zowawa zoposa, ndipo zowawa zina timazipirira ngati zikubala zokoma zazikulu. Chilichonse chiikidwe pambali pa chinzake, chiyezedwe ndi mutu wosaledzera. Ine ndikawerenga pamenepa ndimaona kope la mizere iwiri, uku zolowa, uku zotuluka. Mgiriki wanuyu ankawerengera chisangalalo monga wamalonda wochenjera amawerengera phindu, atachotsa zonse zimene chadya. Inu mukuwerengera chisangalalo monga mumawerengera golosale yanu, za tsiku labwino zokha.

Ndiye tiyeni tiyeze, ngakhale manambala ndichita kukuganizirani poti simunandipatse. Masiku onse si abwino, tingoti pakatikati mumagulitsa K150,000. Masiku 30, ndiye K4.5 miliyoni pamwezi. Shuga, sopo, mafuta ophikira ndi buledi mukudziwa nokha kuti phindu lake ndi lopyapyala, tingoti K12 pa K100, kutanthauza K540,000. Chotsanipo lendi, magetsi oyendetsa firiji, thiransipoti yokaodera katundu, malipiro a mnyamata wothandiza, ndi ngongole za makasitomala zija zimene zinasamuka limodzi ndi eniake. Ndikuchitireni chifundo ndinene kuti zonsezi ndi K200,000. Mwatsala ndi K340,000, ndipo apa kunyumba sikunaphikidwe, fizi sinalipidwe.

Bambo wa tsiku lomweloyo, pa K4 miliyoni, akufuna K1.2 miliyoni mwezi uliwonse. Chimenechi ndi chiwongoladzanja chokha, ngongole yeniyeniyo ili chikhalire. Ngakhale banja lonse litasala kudya mwezi wathunthu, simufika ndi pagawo limodzi mwa magawo atatu pomwe. Ndipo ambiri a katapila mukalephera, chiwongoladzanjacho amachiphatikiza ku ngongole kuti nachonso chibereke. Mwezi woyamba K5.2 miliyoni, wachiwiri pafupifupi K6.8 miliyoni, wachitatu K8.8 miliyoni. Miyezi itatu yokha, ngongole yatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa galimoto yonse. N'chifukwa chake sakufunsani mapepala. Waona kale firiji yanu ndipo waikonda. A kubanki amatopetsa, inde, ndipo nawonso si amalume anu, koma mapepala akufunawo ndi funso lomwe ndakufunsanili, lakuti bizinesiyi imapanga zingati. Mukuthawa kubanki chifukwa yankho mulibe. Munthu amene foni ikalira mtima umayamba wadumpha, amene akaona njinga yamoto yaima pakhomo la shopu amalowa kuseri kwa mabelo a shuga, ataraxia ya Epicurus amangoimvera kwa anzake.

Ngakhale K5 miliyoni mukuti muli nayoyo ndikuikayikira. Mukudziwa bwanji kuti ndi yanu, si ya shopu? Mitengo ikamakwera monga ikuchitiramu, belo la shuga limene mwagulitsa lero simulipeza pa mtengo umene munaodera. Wamalonda wosalemba amaona ndalama zikuchuluka m'foni n'kumati wasunga, pamene mashelefu akupyapyala mwakachetechete. Kumeneko ndi kudya mpamba, ndipo amene amatero sadziwa mpaka tsiku limene wapita kukaoda n'kubwera ndi theka la katundu wa masiku onse.

Musandimve ngati ndikunyoza kutopa kwanu. Epicurus ankagawa zilakolako patatu: zachibadwa ndi zofunika, monga chakudya, pogona ndi chofunda, zachibadwa koma zoti munthu angakhale popanda izo, monga ndiwo zapamwamba, ndi zachabechabe zongobadwa m'maganizo a anthu, monga kutchuka ndi kuimikiridwa chipilala. Zoyambazo ankati n'zosavuta kupeza ndipo zili ndi malire, zomalizazo zilibe pothera. Kupuma kwa munthu amene waima maola 14 patsiku kwa zaka 9 ine ndikukuika m'gulu loyamba mosakayika. Koma mtengo wake si K9 miliyoni. Ndi kutseka shopu Lamlungu lonse, ndi matikiti a basi opita ku Mangochi kamodzi pachaka inu ndi mayi akunyumba, mukadye chambo, mubwerere mulibe ngongole ndi munthu. Galimotoyo ikadakhala yonyamulira katundu tikadakambirana zina. Imene mwafotokozayi ndi yoti a ku Ndirande aone kuti zayenda. Mkuluyu analangizapo mnzake Idomeneus kuti akafuna kulemeretsa mnyamata wina dzina lake Pythocles, asamuwonjezere ndalama koma amuchepetsere zilakolako.

Analinso ndi langizo lina lalifupi, lakuti munthu akhale mosaonekera. Iye ankanena za ndale ndi kutchuka, koma ine ndalibwereka kalekale kuti ndizilipereka kwa amalonda. Tsiku limene galimotoyo idzaime pakhomo panu, abale onse mpaka a kumudzi adzamva kuti amalume alemera. Idzakhala ambulansi ya mtundu wonse, yonyamula akwati, yoperekeza maliro, yokatenga chimanga kumudzi, ndipo mafuta, matayala ndi inshulansi ndi inu. Amene ankapempha K10,000 adzayamba kupempha K50,000, ndipo mudzakana bwanji makiyi ali m'manja? Walira mvula walira matope, achimwene.

Sindikuti muumire abale. Epicurus yemweyo ankati pa zonse zimene nzeru imapezera munthu kuti akhale wodala, chachikulu ndi ubwenzi, ndipo anzake ankamutumizira thandizo. Koma taonani, anakana zoti anthu a ku Munda asonkhanitse chuma chawo m'thumba limodzi monga ankachitira otsatira a Pythagoras, Mgiriki wina wanzeru wakale, ati kutero kumaonetsa kusakhulupirirana. Aliyense anali ndi zake, n'kumapereka mwa kufuna kwake. Golosale yanu ndikukayika kuti inasanduka kale thumba la onse: mlamu watenga sopo, mwana watenga buledi, mayi atenga mafuta, inu mwatapa ya chipepeso, palibe cholembedwa. Ikani ndalama ya abale pamwezi, nambala imodzi yodziwika, ikatha yatha mpaka mwezi wamawa. Nanunso mudziikire malipiro, ndipo chotuluka m'shopu kupita kunyumba chigulidwe ndi malipiro amenewo ngati kasitomala wina aliyense.

Za kusalemba ndiye Mgirikiyu akanakudzudzulani kuposa ine. Malo a Munda aja akuti anawagula ndi ndalama zokwana mamina 80, ndiye kuti madirakima 8,000, nthawi imene mmisiri ankalandira dirakima imodzi kapena ziwiri patsiku. Wodya mkate ndi madziyu sanali wosauka wogona panja, anali ndi malo akeake. Pomwalira m'chaka cha 270 BC, atavutika ndi miyala yotseka njira ya mkodzo, anasiya wilo yolongosoka: Munda uzigwiritsidwa ntchito ndi Hermarchus ndi ophunzira ena, ana a mnzake Metrodorus amene anamwalira kale asamalidwe, akapolo ake angapo amasulidwe, ndalama zina zipite ku mwambo wokumana pa 20 mwezi uliwonse. Mpaka lero, patapita zaka zoposa 2,000, tikudziwa mmene anagawira chuma chake. Inu mungandiuze kuti Lachiwiri lapitali munatapa zingati m'kabati?

Gulani kope la masamba ambiri ndi cholembera. Lamlungu likubwerali musatsegule, muwerenge katundu yense wa m'shopu pa mtengo woodera wa lero, mulembe patsamba loyamba. Kuyambira Lolemba, chilichonse cholowa ndi chotuluka chilembedwe tsiku lomwelo, ngakhale machesi. Pakatha masiku 60 muwerengenso katundu, ndipo mundilembere nambala ziwiri: phindu la pamwezi, ndi gawo la K5 miliyoni ija limene latsala mashelefu atadzaza. Pamenepo tidzakamba za galimoto, mwina ndi za banki zomwe. Nambala ya bambo uja muifufute m'foni usiku uno.

Mwana wa mlongo wanuyo musamukalipire, ndi wanzeru ndipo amakukondani. Akabwera patchuthi mumupatse kopelo akuthandizeni kuwerenga mabelo a shuga, ndipo fizi yake ailembe pamzere wa zotuluka ndi dzanja lake.