Kodi Mkhristu akamalira nde kuti alibe chimwemwe?

FUNSO: Abusa, amuna anga anamwalira chaka chatha, anangodwala sabata imodzi basi. Mpaka lero kwaya ikayamba nyimbo ina yake imene ankaikonda misozi imangotsika yokha. Nde amayi ena a kutchalitchi anandiitanira pambali nkundiuza kuti Mkhristu salira choncho, ati Baibulo likuti kondwerani nthawi zonse, ati kulira kwangaku kukuonetsa kuti chikhulupiriro changa nchochepa. Pano pa Sande ndimangomwetulira mokakamiza koma mumtimamu muli zii. Kodi ndikuchimwa? Nanga chimwemwe chimene Baibulo limanenacho nchotani? Mayi wamasiye, Zomba

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, Ambuye akutonthozeni inu ndi ana. Simukuchimwa ayi, ndipo zandipweteka kumva kuti munthu woti ali kale ndi chilonda mumtima akusenzetsedwanso mlandu wina pamwamba.

Vesi imene amayiwo akunena ilipodi, ndi Afilipi 4:4, kondwerani mwa Ambuye nthawi zonse. Koma tawerengani kalata yonseyo, ili ndi machaputala 4 okha, mutha kumaliza nsima isanapse nkomwe. Paulo akulemba ali mu unyolo, sakudziwa ngati atuluke wamoyo kapena amupha. Pa 2:27 akukamba za mnzake Epafrodito amene anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, ndipo akuti Mulungu anamuchitira chifundo, ndi ine ndemwe, kuti ndisakhale ndi chisoni pamwamba pa chisoni. Mwamva? Chisoni anali nacho kale, ndipo akuvomera poyera kuti mnzakeyo akanamwalira chikanawonjezereka. Pa 3:18 akunena yekha kuti akulemba uku akulira. Munthu yemweyo, kalata yomweyo, kenako nkumati kondwerani. Nde sizingatheke kuti ankatanthauza kuti osalira.

Nanga Ambuye Yesu? Pa manda a Lazaro ku Betaniya, mtembo utagona kale masiku 4, Iye akudziwa bwinobwino kuti pompano amuukitsa, koma ataona Mariya akulira ndi anthu obwera pamaliro akulira, Yohane 11:35 akuti Yesu analira. Ndani angaime nkunena kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa? Stefano ataponyedwa miyala, Machitidwe 8:2 akuti amene anamuika m'manda anali anthu opembedza ndipo anamulira maliro aakulu. Ngakhale 1 Atesalonika 4:13 imene timakonda kuwerenga pasiwa sikuletsa kulira, ikungoti tisalire ngati anthu opanda chiyembekezo.

Tsono chimwemwecho nchotani. Mmene ine ndimaonera, chimwemwe cha m'Baibulo chimagona pa Mulungu mwini wake, kuti alipo, sanakusiyeni, ndipo imfa siimene idzayankhule komaliza pa amuna anu. Nchifukwa chake chimatha kukhala mumtima umodzi ndi misozi, Paulo pa 2 Akorinto 6:10 akudzitchula kuti wachisoni koma wokondwera nthawi zonse, zonse ziwiri nthawi imodzi. Habakuku 3:17-18 nde amandifika pamtima kwambiri, mneneriyu akuchita kuwerenga zotayika chimodzichimodzi, mkuyu sunaphuke, mpesa ulibe zipatso, m'munda mulibe chakudya, nkhosa zatha, m'khola mulibe ng'ombe, sakubisa kalikonse ndipo sakunamizira kuti zinthu zili bwino, akatha kuwerenga zonsezo mpamene akuti komabe ndidzakondwera mwa Yehova. Amene analimapo mvula nkudula chimanga chikumasula akudziwa kuti mawu amenewo satuluka ndi kuseka, amatuluka pakhosi pali pouma. Koma ndi chimwemwe ndithu.

Komanso Agalatiya 5:22 akuti chimwemwe ndi chipatso cha Mzimu. Si ntchito yanu kuchipanga ndi nkhope pa Sande m'mawa, nde kumwetulira kokakamizako siyani mayi, kukungokutopetsani. Nyimbo ija ikayamba khalani pa benchi pomwepo, lirani, mukatha pukutani, mukafuna kuimba nawo imbani. Ku nyumba werengani Masalmo 42 ndi 88, muone mmene anthu a Mulungu ankamudandaulira osaopa. Tsiku lina mudzadzidzimuka mukuseka ndi ana pokumbukira nthabwala za bambo awo, musadzadziimbe mlandu pamenepo, nacho nchochokera kwa Ambuye.

Kwa amayi a kutchalitchi aja, ndikhulupirira ankafuna kuthandiza, koma anaphonya. Miyambo 25:20 ikuti kuimbira nyimbo munthu wa mtima wosweka kuli ngati kumuvula malaya tsiku lozizira. Aroma 12:15 ikuti lirani nawo akulira, sikuti aletseni. Ndipo vesi ija timaikonda yoti chimwemwe cha Yehova ndicho mphamvu yanu, pa Nehemiya 8:10, ambiri timangotola mchira wake. Anthu ku Yerusalemu ankalira atamva Ezara akuwerenga chilamulo, ndipo Nehemiya anawauza kuti pitani mukadye zonona, mukamwe zotsekemera, mukatumizenso gawo kwa amene sanakonzeretu kanthu. Chimwemwe chinafika kwa osowa chili m'mbale. Nde amene mukufuna mayi wamasiye akondwere, tengani kaufa ndi kandiwo, pitani Lachitatu masana pamene anthu a pamaliro anabalalika kalekale ndipo pakhomo pangoti zii, khalani naye pamkeka, msiyeni akambe za mwamuna wake mpaka atope.

Chinanso mayi, ngati zafika poti simukudya, tulo sitikubwera kwa masabata, ntchito za pakhomo zikukukanikani, kapena mukumaganiza zodzichotsera moyo, musakhale nazo nokha. Uzani m'bale amene mumamukhulupirira lero lomwe ndipo pitani kuchipatala mukafotokoze mmene mwandifotokozera inemu, alipo anamwino ndi madokotala oona za matenda a maganizo, ndipo mutha kupitako uku mukupemphera.