Agogo musawachotse pamudzi, athandizeni konko

Achemwali, mwafunsa zoti agogo anu a kwa Khombedza ku Salima apitirira zaka 85 koma akukanabe kusiya khasu, ndiye inu ndi alongo anu mukuganiza zowatenga akakhale nanu ku Lilongwe kuti apumeko. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota kwa Malengachanzi, ndinakulira m'manja mwa agogo a mtundu womwewo, ndiye pepani ndilemba zambiri.

Maganizo anga ndi oti musawasamutse ayi, pokhapokha ngati pali matenda ofuna dokotala pafupipafupi. Chikondi chanucho ndikuchimva, palibe amene amasangalala kuona mayi wokalamba atawerama pamzere dzuwa la ku Salima lija likuswa mtengo, koma taganizani kaye kuti munthu ameneyu wadutsa muti. Pa zaka zimenezo ndiye kuti njala ya 1949 anaiona ndi maso ali kamtsikana, ndipo amene anaona njala imene ija nkhokwe yopanda kanthu imawaopsa kuposa matenda, olo muwauze kuti tizikutumizirani thumba la chimanga mwezi ndi mwezi mtima sukhala pansi mpaka aone chawo chili m'munda.

Agogo anga anali choncho. Agogo aamuna anapita ku Joni pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito za kumigodi, nthawi imene amuna ambiri ankathamangira kumigodi, Kamuzu asanaletse maulendowo mu 1974 ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi itagwa ku Francistown ku Botswana, ndiye munda wa chinangwa, dambo la mpunga, ana, mbuzi, zonse zinatsala m'manja mwa mzimayi mmodzi. M'mamawa kukawokera mpunga m'matope, pobwera akavuule chinangwa chimene anaviika, achiyanike, chouma asinje kuti madzulo pakhale kondowole ndi kausipa, nkhuni ndi madzi zikudikira iwo omwe, mwana ali kumsana. Kwanu uko mwina linali thonje lokagulitsa ku ADMARC koma kutopa kwake ndi komweko. Amuna atabwerako anapeza pakhomo pali bwinobwino, ndipo anakhala nawo mpaka kuwadwazika ndi kuwaika m'manda. Pamene amati apume kunabwera matenda aja a Edzi m'ma 90, ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, ana obereka okha kumapita adzukulu nkumatsala, ife tinaleredwa choncho. Mu 2002 chimanga chitasowa dziko lonse, chinangwa cha agogo ndi chimene chinatipulumutsa, ndi anansi omwe ankabwera ndi timabeseni.

Ndiye munthu ngati ameneyu mukamuika m'nyumba ya mpanda, geti yotseka, nonse mwapita kuntchito ana kusukulu iye watsala ndi TV, mukuganiza tsiku lizitha bwanji? Ine ndaonapo okalamba amene ankayenda okha wapansi kupita kutchalitchi koma atangofika m'tauni mphamvu zinayamba kutha, kudya osafuna, tsiku lililonse funso ndi limodzi, kodi kumudzi mvula yagwa? Kumudzi agogo anu ndi munthu wamkulu. Ukwati ukavuta ankhoswe amadzera kaye kwa iwo, pamaliro ndi amene amadziwa kuti uyu ndi wa mbumba iti, mtsikana akatha msinkhu kapena akaima koyamba anamkungwi amafunsa iwo. Kwa ife Achewa mtundu umayendera kwa mayi, iwowo ndiye tsinde la nonsenu, ndipo ku Lilongwe palibe amene adzawafunse kalikonse.

Zoti muchite zilipo. Ntchito yolemera ngati kugalauza ndi kubandira lembani aganyu, ndalama muzitumiza pa Mpamba kapena Airtel Money kwa munthu mmodzi wokhulupirika osati lero uyu mawa uja, koma kamunda kapafupi ndi nyumba asiyireni, azidzala mtedza wawo, khobwe, maungu, azifutsa mfutso monga anazolowera. Usiku asamagone okha, pakhale mdzukulu, ndipo mdzukuluyo muzimulipirira fizi ndi kumugulira sopo kuti asamaone ngati mwamutaya. Neti ikhale yosang'ambika, kuno kunyanja malungo sachedwa kugwetsa wokalamba. BP ndi shuga azikayezetsa, maso nawonso, ambiri timangoti ndi ukalamba pamene ndi ng'ala yoti madokotala amatha kuchotsa munthu nkuyambanso kuona.

Pali china chimene anthu sakonda kuchikamba. Nkhalamba yokhala yokha ikakhalitsa ndi moyo anthu amayamba kuinena ufiti, mwana akangodwala pamudzi chala chimaloza iwo, mayi yemweyo amene anali mzamba wa theka la mudziwo. Zimandiwawa kwambiri zimenezi, ndipo ambiri sadziwa kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Ndiye muzionekera pafupipafupi, musamangoimba foni, mukapita mudzere kwa amfumu mukapereke moni, anthu adziwe kuti mayiyu ali ndi eni ake.

Za malo nazonso musachedwe. Akadali ndi mphamvu chonchi yendani nawo m'malire a minda yonse, amalume akhalepo, amfumu akhalepo, inu muzijambula pafoni iwo akuloza kuti apa ndi pathu apa tinangobwereketsa. Munda ukagonera chaka chimodzi chokha eni ake ali kutauni mudzapeza wina walimamo, ndipo amene akanakuchitirani umboni adzakhala kulibe. Tsiku lomwelo afunseninso mayina a makolo, anachokera kuti, anakwatirana ndi ndani, mulembe, ife zina tinazitaya ndipo pano tikusowa wofunsa.

Ku Lilongwe atengeni ndithu koma akatha kukolola, mu June kapena July, akaonane ndi dokotala, adye bwino, aone zidzukulu, koma muwauziretu tsiku lobwerera ndipo mulisunge, October asanathe akhale ali kwawo akuyang'anira zososa. Ndipo musanagwirizane chilichonse pa gulu la WhatsApp la banja lanu, mmodzi wa inu akwere minibasi apite, akakhale nawo pamkeka awafunse eni akewo kuti agogo inuyo mukufuna chani.